Mathawulo atatu, madola 75: ndichite bwanji kuti zisabwerezeke?

Esinati (Nchalo)
Anzanga a zamaulendo, ndithandizeni nzeru. Ena mukudziwa kuti mwezi watha ndinaperekeza anthu 9 pa sitima yapamadzi yochokera ku Durban, ija yozungulira kugombe la Mozambique n'kubwerera. Ambiri anali aphunzitsi opuma ndi a m'maofesi omwe anasonkha ndalama zaka ziwiri zathunthu. Ulendo wa basi wokha, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, unatisiya miyendo yotupa, koma palibe anadandaula. Zavuta m'mawa wotsika. Bambo wina wa m'gulumo, munthu wamkulu waulemu wake, anapeza pa bilu yawo madola 75, akuti mathawulo atatu a kudziwe losambira sanabwezedwe. Bambowo akulumbira kuti sanabe, ndipo ndikuwakhulupirira chifukwa chikwama chawo ndinawathandiza kutseka ndine. Kolandirira alendo kunali mzere ngati wa mafuta, basi yopita ku Johannesburg ikutidikira, ndiye anangolipira. Tsopano akuti ndiwabwezere ine poti sindinawachenjeze. Nkhaniyi yafika kale kumsika, ndipo gulu loti ndidzaliperekeze mu Disembala layamba kundifunsa ngati pa sitima amalipiritsa ndi mpweya womwe. Ndiwalipire? Nanga ulendo winawu ndiwauze chiyani anthu?

Alufandika (Bangula)
Achemwali, ife a kuno sitima tinaiyembekeza pa doko la ku Nsanje kuyambira 2010, mpaka lero pamangowothera dzuwa ng'ona, ndiye za mathawulo a m'sitima musatifunse. Koma madola 75 si masewera, makamaka ndi momwe kwacha inagwera mu 2023 muja. Itanani a Zuze, iwowa anagwirako m'menemo.

Zuze (Nsanje)
Ndabwera achimwene. Achemwali Esinati, ndinagwira makontrakiti atatu pa sitima za alendo, awiri mwa iwo ndinali wa padziwe penipeni, wopereka ndi kulandira mathawulo. Ndikuuzeni chinthu chimodzi choyamba: sitima sidziwa ngati thawulo labedwa kapena ayi. Imangodziwa zomwe zalembedwa pa khadi la munthu. Khadi lija amakupatsani pokwera, lomwe ndi kiyi wa chipinda, chiphaso chotulukira ndi kulowera, komanso logulira zakumwa, ndi lomwelo limanyamula ngongole ya mathawulo. Mukatenga awiri, ndimadutsitsa khadi pamakina, pamalembedwa awiri. Mukabweza, ndiyenera kudutsitsanso khadi lomwelo kuti awiri aja afufutike. Mukangoponya thawulo mu bini n'kumapita, thawulo labwerera ndithu, lichapidwa, mawa wina alipukutira, koma dzina lanu likadali ndi ngongole. Anthu ambiri omwe ndinawaona akukangana pakauntala sanali akuba. Anali anthu abwinobwino omwe anabweza osalembetsa.

Si sitima zonse zimachita chimodzimodzi. Ku Royal Caribbean khadi lawo amalitcha SeaPass ndipo thawulo losabwezedwa ndi madola 25. Makampani ena amaika mathawulo a kudziwe m'chipinda momwemo, munthu aliyense lake, ndipo amawerenga ndi wokonza chipinda tsiku lomaliza. Kwinanso mumangotola pashelefu popanda wokufunsani. Ndiye tsiku loyamba funsani kuti pano mumatani, musatengere za sitima ina.

Afunseni bambowo mafunso awa: ankatenga okha kapena ankatuma wina ndi khadi lawo? Anasiyapo thawulo pampando n'kuchokapo? Analowa nalo m'chipinda?

Esinati (Nchalo)
Takhuta a Zuze. Bambowo ndikawafunsa amangopsa mtima, ndiimbira akazi awo madzulo.

Malita (Chikwawa)
Ndilowepo ine wa kochapira. Ndimayang'anira madobi ndi okonza zipinda pa loji ina kufupi ndi Majete, ndipo nkhani ya mathawulo ndimaidziwa kuchokera mbali inayo. Mlendo amaona ngati ndi kansalu chabe. Kwa ife kumapeto kwa mwezi timawerenga, akasowa asanu abwana amayang'ana ife, ndipo pali chaka china anatidula malipiro tonse anayi chifukwa cha mathawulo omwe alendo anapita nawo kukaona nyama n'kuwaiwala m'galimoto. Kuno kotentha chonchi munthu amanyowetsa thawulo n'kuliika pakhosi tsiku lonse, lathu loyera limabwera lofiira ndi fumbi, lina silibwera n'komwe. Ndiye ine sindingaimbe mlandu sitima chifukwa chowerenga katundu wake. Anthu masauzande m'sitima imodzi, aliyense atataya limodzi zingathe bwanji? Bambowo alipire okha, anasamba ndi iwo.

Alufandika (Bangula)
Amayi Malita, kuwerenga n'kwabwino, koma thawulo lake lotani la madola 25? Pa Limbe ndalama imeneyo mugula mtolo.

Zuze (Nsanje)
Si mtengo wa thawulo umenewo achimwene, ndi chowopsezera kuti anthu azibweza. N'chifukwa chake mukapita kukadandaula mukadali m'sitima, kawirikawiri amachotsa popanda mkangano wautali, bola mufotokoze tsiku ndi malo omwe munabwezera. Iwonso amadziwa kuti makina nthawi zina sagwira, kapena wa padziwe anali ndi anthu khumi pamaso pake nthawi imodzi. Inenso ndinalakwitsapo, sindikana. Dzuwa likuswa mtengo, wina akufuna ouma, wina akufunsa njira ya kodyera, khadi ulidutsitsa koma osayang'ana ngati latsika.

Esinati (Nchalo)
Ndalankhula nawo mayi aja, ndipo a Zuze munalosera ngati sing'anga. Akuti tsiku lachiwiri bambo anadzuka mbandakucha, monga mwa chizolowezi cha kumunda, n'kukatenga mathawulo awiri. Anayala pamipando iwiri yogonera ya pamthunzi kuti asungire malo, pamwamba n'kuikapo chipewa chawo cha mlaza chomwe anagula pa Thabwa. Kenako anapita kukamwa tiyi, n'kukumana ndi m'busa wina wa ku Pietermaritzburg, nkhani mpaka 11 koloko. Pobwera anapeza pamipando pagona anthu ena, mathawulo palibe, chipewa chili pakauntala. Anatenga chipewacho n'kuganiza kuti nkhani yatha. Lachitatulo ndi la mayi. Analitenga pa khadi la bambo tsiku lotsikira pachilumba, linabwera ndi mchenga, analiyanika m'bafa, ndipo madzulo anapeza wokonza chipinda walichotsa limodzi ndi mathawulo oyera a m'chipinda. Mayiwo mpaka anamuyamikira mnyamatayo kuti ndi waukhondo.

Zuze (Nsanje)
Ndi zomwezo. Misampha iwiri ikuluikulu bambowo anaiponda yonse. Za kusungira malo: ife tinkalamulidwa kuti mpando ukakhala ndi thawulo lokha kwa nthawi ndithu, mwina theka la ola kapena kupitirirako, tichotse kuti ena akhale. Thawulo lochotsedwa chonchi limapita mu ngolo ya zochapa, palibe angadziwe kuti linali la khadi liti. Za m'chipindazo zimatengera sitima. Kumene amalembetsa padziwe, wokonza chipinda alibe makina ofufutira ngongole ya kudziwe. Iye akaona chonyowa amatola, ndi ntchito yake. Ndiye thawulo la mtundu, kaya la buluu kaya la mizeremizere, lisagone m'bafa. Loyera ndi la m'chipinda, lisapite kudziwe. La mtundu ndi la kudziwe, libwerere komwe linachokera tsiku lomwelo.

Chinanso chomwe anthu sadziwa: kusinthitsa lonyowa ndi louma si kubweza. Mukapereka lonyowa n'kulandira louma, ngongole ili pomwepo. Ena amasinthitsa chonchi ulendo wonse, zili bwino, koma tsiku lomaliza ayenera kupereka osalandira lina, n'kuima pomwepo mpaka aone kuti pamakina palembedwa ziro. Musachite manyazi kunena kuti ndionetseni. Ine sindinkakwiya munthu akandifunsa choncho, ankandipulumutsa ku mafunso a abwana.

Jowaki (Ngabu)
Ine maulendo anga ndi a minibasi, kutengera magulu a mpingo ku Mangochi ndi ku Mulanje, za sitima sindinazione. Koma ndikudabwa. Amayi athu achoka ku Nchalo, dziko la zitenje, akukanyamula thawulo la eni kupita nalo pamchenga chifukwa chiyani? Chitenje chimayalika, chimapukuta, chimafunditsa padzuwa, ukachikung'untha mchenga wonse wagwa, ndipo chimauma usanafike poyambira. Amayi akamachapa ku Shire ndani amapita ndi thawulo? Auzeni aliyense alongedze zitenje ziwiri, abambo omwe.

Malita (Chikwawa)
Apa a Jowaki mwanena. Thawulo likalowa mchenga limalemera ngati thumba la thonje lonyowa, ndipo ndi pomwe munthu amalisiya pagombe dala.

Zuze (Nsanje)
Zoona, ndipo malo ngati Portuguese Island kufupi ndi Inhaca sitima siyandikira gombe, mumatsika ndi timaboti. Pobwerera anthu amathamangira kaboti, m'manja muli nsapato, foni ndi zogula, thawulo limatsala pansi pa ambulera. Likatsala kumeneko ndiye palibe chokambirana, mulipira basi. Chitenje chikatsala mwangotaya chanu. Padziwe pokha ndinganene kuti tengani thawulo la sitima, chifukwa pamwamba paja mphepo ndi yamphamvu, chitenje chopepuka chimatha kuulukira m'nyanja, ndipo oyendetsa sitima safuna kanthu kalikonse kagwere m'madzi.

Esinati (Nchalo)
Ndikuganiza kuti ulendo winawu mathawulo onse a gulu ndizitenga ine pa khadi langa, ndizigawa, madzulo ndizisonkhanitsa. Mutu umodzi wowerenga.

Alufandika (Bangula)
Ayi achemwali, pamenepo mukudziika pamoto. Anthu 14 a Disembala, atatu akataya, bilu yonse ibwera kwa inu ndipo palibe adzavomere kuti anataya ndi iye. Mukuwadziwa anthu athu, adzati ine ndinapereka kwa a Ujeni. Aliyense asenze wake.

Zuze (Nsanje)
Ndikugwirizana ndi a Alufandika, komanso wa padziwe sangakupatseni mulu wotero pa khadi limodzi. Ntchito yanu ikhale ina. Usiku woti mawa lake ndi tsiku lomaliza lathunthu, zungulirani zipinda zonse, aliyense atsegule akaunti yake, kaya pa TV ya m'chipinda kaya pa foni ngati sitimayo ili ndi app, kapena akapemphe pepala kolandirira alendo. Pa sitima zina ndalama ya thawulo siioneka msanga, imadzalembedwa usiku womaliza, ndiye musadalire pepalalo lokha. Masana a tsiku lomaliza aliyense apite ndi khadi lake pakauntala ya mathawulo akafunse kuti ndili ndi angati. Apite kusanade, chifukwa pakauntalapo amatseka madzulo. Akapeza cholakwika, kolandirira alendo apiteko nthawi ya chakudya kapena usiku kwambiri pomwe mzere watha. M'mawa wotsika ndi nthawi yoipitsitsa, munadzionera nokha. Amene amaiwalaiwala ajambule ndi foni pobweza, chithunzi chimasunga tsiku ndi ola.

Ana ndi adzukulu musawaiwale ngati alipo m'gulu. Mwana amatenga thawulo, kulisiya potsetserekera, kukatenganso lina, zonse zikulembedwa pa akaunti ya agogo.

Malita (Chikwawa)
Nanga za madola 75 aja mwagamula bwanji? Ine maganizo anga sanasinthe.

Jowaki (Ngabu)
Amayi Malita, mwalamulo muli bwino, koma a Esinati amadya ndi mbiri. Nchalo ndi yaing'ono. Bambo ameneyo akamayankhula pamaliro ndi kutchalitchi kuti anadyeredwa, gulu la Disembala lichepa. Komanso kunena zoona, munthu woti sanakwerepo sitima angadziwe bwanji za khadi ngati womuperekeza sanamuuze? Ine ndikanapereka theka, ndi mawu oti ndathandiza, osati ndalakwa.

Zuze (Nsanje)
Musanatulutse ndalama yesani kaye kulembera kampaniyo imelo. Ikani nambala ya buking'i, nambala ya chipinda, masiku a ulendo, ndi chithunzi cha bilu. Fotokozani mwachidule zomwe mayi anakuuzani: awiri anachotsedwa pamipando ndi ogwira ntchito tsiku lakuti, limodzi linatengedwa m'bafa ndi wokonza chipinda. Musakalipe, musatchule dzina la mnyamata wokonza chipindayo ngati wolakwa, iye anangogwira ntchito yake ndipo madandaulo otchula dzina amamuvulaza pa kontrakiti. Sindikulonjeza kuti abweza, munthu akatsika zimavutirapo ndipo amachedwa kuyankha. Akavomera, ndalama imabwerera ku khadi la kubanki lomwe linalipira, ndiye bambowo aziyang'ana kumeneko, asamadikire pamanja panu.

Esinati (Nchalo)
Imelo ndatumiza m'mawa uno, mwana wanga wandithandiza kujambula bilu ija poti inali itakwinyika m'thumba la jekete. Ndapitanso kunyumba kwa bambowo. Ndawafotokozera za mipando ndi chipewa, anayamba akana, koma mayi ataseka anangoti chabwino. Tagwirizana kuti tidikire yankho mpaka kutha kwa mwezi wamawa, likapanda kubwera ndidzapereka madola 25 a thawulo la m'bafa lija, poti limenelo ndikanawachenjeza ine, awiri a pamipandowo ndi awo. A Disembala ndawaitanitsa Loweruka kuti tikambirane, ndipo pa mndandanda wa zolongedza ndawonjezera zitenje ziwiri aliyense. A Zuze, mungabwere mudzawafotokozere nokha za khadi? Thiransipoti ya ku Nsanje ndilipira ine.

Zuze (Nsanje)
Ndibwera, koma tiyambe m'mawa kusanatenthe. Khadi langa lakale ndikadali nalo, ndidzabwera nalo alione. Amayi Malita, mundibwereke mathawulo awiri, loyera ndi la mtundu.

Malita (Chikwawa)
Ndikubwerekani, koma musayina m'buku potenga ndi pobweza.