Tanthauzo la mwambi: "Moto umapita kwatsala tchire", koma agogo ankaunena za sitima

Wofunsa: Akuluakulu ndi anzanga, ndithandizeni. Malemu agogo anga aamuna anakulira m'mbali mwa njanji ku Sankhulani, ndipo bambo awo anali m'gulu la anthu odula nkhuni za sitima zoyendera nthunzi. Nkhani ya njanji ikangoyambika, agogo ankamaliza ndi mawu akuti "moto umapita kwatsala tchire". Kusukulu tinaphunzira kuti mwambiwu umachenjeza munthu woseka tsoka la mnzake, pakuti mawa lifika kwa iye. Nanga zikugwirizana bwanji ndi sitima? Kodi ankanena za moto weniweni, kapena panali china chimene ana sitinkachimva? Ndikufuna kulembera ana anga mawu a agogowa, ndiye ndisalembe zolakwika.

Mphunzitsi wopuma wa ku Mulanje: Zimene munaphunzira kusukuluzo n'zolondola, mwanawe. Ena amati "moto umapita kumene kwatsala tchire", koma mfundo ndi yomweyo. Pa lupsa moto subwerera, umalondola pamene udzu ulipobe. Amene sanaone vuto asadziyese wochenjera, angokhala kuti nthawi yake sinakwane. Mwambiwu ndi wakale kuposa njanji, ndiye musaganize kuti unabadwira ku siteshoni. Agogo anu anangoupeza n'kuugwiritsa ntchito pa zimene maso awo ankaona.

Bambo amene anagwirapo ntchito kunjanji: Aphunzitsi anena zoona, koma ndiwonjezere za moto weniweniwo, chifukwa unalipo. Njanji ya Shire Highlands Railway inatsegulidwa mu 1908, kuchoka ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, kudzera ku Chiromo, n'kukwera motsata Ruo mpaka Luchenza, Limbe ndi Blantyre, mtunda wa mamailosi 113. Nsanje ili pansi kwambiri, kukwera kwake sikufika n'komwe mamita 100 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe Limbe yadutsa mamita 1,000. Chitunda chonsecho injini inkakwera ndi mphamvu ya madzi owira. Wosonkhezera moto amatsegula kakhomo ka ng'anjo, n'kuponya chikuni, n'kutseka, n'kutsegulanso, thukuta lili kamukamu. Akachedwa pang'ono nthunzi imachepa, mabogi n'kuyamba kukokera m'mbuyo. Injini ikamapuma mwamphamvu pa chitunda, utsi umatuluka m'chumuni pamodzi ndi mbaliwali, ndipo nkhuni zimaponya mbaliwali zambiri kuposa malasha. M'mwezi wa Okutobala, udzu uli gwaa, mbaliwali imodzi inali yokwanira kuyatsa dera lonse. Choncho anthu a m'mbali mwa njanji ankadziwa kuti amene sanalambule kuzungulira nkhokwe yake, sitima ikadutsa alira.

Wofunsa: Zikomo bambo. Ndiye kuti ankanena za tchire kupsa basi?

Mayi wina wa ku Nsanje: Ayi, ine ndikukana pang'ono. Mwanena nokha kuti bambo a agogo anu anali odula nkhuni, si olima m'mbali mwa njanji ayi. Ganizirani ntchito imeneyo. Nkhuni zimaunjikidwa m'mamendulo pafupi ndi siteshoni, sitima ifika, itenga, mawa ikufunanso zina. Mitengo ya pafupi ikatha, nkhwangwa zimasunthira patsogolo. Mudzi umene unali ndi nkhalango yake unkaona mudzi wina ukusanduka zitsa n'kumati ife sizitikhudza. Kwathu kuno sitima zapamadzi za mu Shire zinali zitayamba kale kudya mitengo ya m'mbali mwa mtsinje njanji isanabwere, chifukwa nazonso zinkayendera nkhuni. Moto umene agogo anu ankanena unali wa m'mimba mwa injini, ndipo tchire lake inali mitengo imene inali isanadulidwe. Munthu wogwira nkhwangwa ndi amene akanaumva bwino mwambiwu, pakuti iye ndi amene ankausenzera motowo chakudya.

Bambo amene anagwirapo ntchito kunjanji: Mayi, pamenepo mwalasa, sindikutsutsa. Ndipo chodabwitsa n'chakuti mainjini oyambawo anali aang'ono zedi. Awiri oyamba, Thistle ndi Shamrock, anapangidwa ndi kampani ya Bagnall ku England, a mawilo anayi okha, thanki ya madzi itakhala pamwamba ngati chishalo pamsana pa bulu. Ndi amene ankakoka zipangizo pomanga njanjiyo. Thistle anasungidwa ku siteshoni ya Limbe, Shamrock ku nyumba yosungira zinthu zakale ku Chichiri. Achinyamata, pitani mukaone. Zimandipweteka kuti ambiri amadutsa pa Chichiri tsiku lililonse osadziwa kuti pali chuma chotere.

Mphunzitsi wopuma wa ku Mulanje: Palinso anthu amene tawaiwala. Madzi a mu Shire atayamba kuchepa, sitima zapamadzi zinkalephera kukwera mtunda, ndipo katundu wopita ku Blantyre ankasenzedwa pamutu ndi amtengatenga, dzina lomwe latsalira m'mawu akuti zamtengatenga. Njanji itafika, ntchito yawo pa njira imeneyo inatha. Mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa pa Zambezi mu 1935, oolotsa katundu pamtsinjewo anatsatira. Kenako dizilo inadzachotsa osonkhezera moto ndi otunga madzi a injini. Agogo anu akanatha kuona ena mwa magulu amenewa ndi maso awo. Aliyense ankaona mnzake akuchotsedwa iye ali pantchito.

Wofunsa: Tsopano ndili ndi matanthauzo atatu. Mtima wanga wagwa pa la mayi a ku Nsanje, chifukwa agogo ankakonda kuloza phiri la kuseri kwa mudzi n'kunena kuti bambo awo analipeza lili bii ndi mitengo. Ndilemba limenelo, enawo ndiwaika pansi pake. Funso lina kwa bambo a kunjanji: kuchoka ku Chiromo kukafika ku Luchenza, injini inkaima pati kumwa madzi? Ngati Sankhulani inali imodzi mwa malowo, ndikufuna ndilembenso zimenezo.