Bomba limodzi lingasandutse bwanji mzinda wonse phulusa?

NaPhiri wa ku Zomba:
Abale, ndithandizeni. Malemu agogo anga aamuna anamenya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ku Burma m'gulu la asilikali la KAR (King's African Rifles). Akakhala pakhonde madzulo ankakonda kunena kuti, "Ife tinavutika m'matope ndi udzudzu miyezi yambirimbiri, koma nkhondo inatha ndi bomba limodzi." Ndili mwana ndinkangoti akukokomeza. Dzulo mwana wanga wa Fomu 4 anandionetsa chithunzi cha mzinda wa Hiroshima ku Japan: phulusa lokhalokha mpaka kumapiri, koma pakati pake nyumba imodzi ya denga lozungulira ili chiimire. Tulo sindinatione. Bomba limodzi lingachite bwanji zimenezi? Nanga nyumba ijayi inatsala bwanji?

Aphunzitsi Banda:
Mayi Phiri, chinsinsi chake n'chakuti bombalo silinaphulikire pansi. Linali Lolemba, pa 6 Ogasiti 1945, nthawi ili 8:15 m'mawa. Ndege ya Amereka yotchedwa Enola Gay, yoyendetsedwa ndi Paul Tibbets kuchokera pachilumba cha Tinian, inaponya bombalo ikulunjika mlatho wa Aioi. Linaphulika m'mwamba pafupifupi mamita 600, pamwamba pa chipatala cha Shima, ndi mphamvu yofanana ndi matani pafupifupi 15,000 a wonga wophulitsira wotchedwa TNT. Anachita dala kuliphulitsira m'mwamba kuti mphamvu yake ifalikire patali, m'malo mothera m'dothi.

Choyamba kunabwera kuwala ndi kutentha koti matailosi a madenga anachita matuza. Pamasitepe a banki ya Sumitomo panatsala chithunzithunzi cha munthu amene anakhala pamenepo. Kenako chimphepo chinagwetsa nyumba, zambiri mwa izo zamatabwa, ndipo poti m'makomo ambiri mbaula zinali zoyaka, moto unabuka paliponse n'kugwirizana kukhala chimoto chimodzi. Nyumba mukunenayo, Genbaku Dome, inali mamita pafupifupi 160 kuchokera pamalo amene bomba linaphulikira pamwamba pake. Mphamvu inaigwera kuchokera kumwamba, osati kuikankha cham'mbali, n'chifukwa chake makoma ena anatsala. Onse amene anali mkatimo anafa pompo.

Namwino wa ku Leeds:
Aphunzitsi afotokoza za nyumba, ine mtima wanga uli pa anthu. M'mawa umenewo ana asukulu masauzande ambiri, amsinkhu wa mwana wanuyo kapena ocheperapo, anali panja akugwira ntchito yogwetsa nyumba kuti pakhale mipata yoletsa moto kufalikira. Analibe pobisala. Opulumuka ankayenda atatambasula manja kutsogolo, khungu likulendewera, akupempha madzi. Ambiri anathamangira m'mitsinje yodutsa mumzindamo n'kufera momwemo. Kenako kunagwa mvula yakuda, yamatamata ngati phula, ndipo ena mwa aludzuwo anaimwa osadziwa kuti ili ndi poizoni.

Ine ndasamalirapo odwala opsa ndi moto. Munthu mmodzi yekha amafuna anamwino angapo usana ndi usiku. Ku Hiroshima madokotala ndi anamwino ambiri anafa kapena kuvulala tsiku lomwelo. Ndiye patapita masabata, ngakhale anthu amene analibe bala anayamba kuthothoka tsitsi, kutuluka magazi m'nkhama ndi madontho ofiirira pakhungu chifukwa cha radiation, mphamvu yosaoneka yochokera m'bombalo imene imawononga thupi. Pofika kumapeto kwa 1945, anthu pafupifupi 140,000 anali atafa.

Chisale wa ku Kitwe:
Pepani mayi, agogo ananena zoona koma mabomba anali awiri. Lachiwiri linagwa ku Nagasaki pa 9 Ogasiti, ndipo tsiku lomwelo asilikali a Soviet Union analowa ku Manchuria, dera la China limene linali m'manja mwa Japan. Mfumu Hirohito ya Japan inalengeza zogonja pa 15 Ogasiti. Chimene chimandipweteka ine n'chakuti yureniyamu yambiri, miyala imene anagwiritsa ntchito popanga mabombawa, inakumbidwa ndi anthu akuda ku mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga m'dziko la Congo, kungowoloka malire kuchoka kuno.

NaPhiri wa ku Zomba:
Zikomo nonse. Achemwali a ku Leeds, za ana aja zandilasa mtima. Agogo akamanena za bombalo ankanena mothokoza, poti ndi limene linawabwezera kwawo amoyo, ndipo sindingawadzudzule. Koma mwana wanga wandifunsa m'mawa uno ngati agogo ankadziwa za ana amene anali panja tsiku lija. Ndangokhala chete, ndikumupungulira tiyi.