Maganyu a pa intaneti ndili pa ulendo wa ku Dar: zingatheke?

Nachisale wa ku Area 25:
Moni nonse. Ine ndimaoda zovala ndi nsapato ku Kariakoo, ku Dar es Salaam, ndipo ulendo uliwonse umandidyera nthawi: m'basi, pa boda ya Songwe, kenako ku loji kudikira kuti katundu apakidwe. Ndimangokhala manja lende uku ndalama ya chipinda ikupita. Laputopu ndili nayo, Chingerezi ndimachitha, ndipo ndinagwirapo ntchito ya maakaunti pa kampani ina. Alipo amene amapeza maganyu a pa intaneti ali pa ulendo chonchi? Ndiyambire pati, nanga malipiro amafika bwanji?

Womasulira wa ku Zomba:
Zimatheka achemwali. Ine ndimamasulira zolemba kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa, ndipo ntchito zina ndazimalizira ku Lusaka. Koma musakayambire panjira. Tsegulani akaunti ya Upwork kapena Fiverr (mawebusaiti opezerapo maganyu) mukadali pakhomo, atsimikize chiphaso chanu, mulumikize Payoneer yolandirira malipiro ochokera kunja, mpaka kandalama koyamba mukaone ndi maso m'banki mwanu. Kasitomala woyamba ndiye amavuta kumupeza, ndipo pa Upwork kufunsira ntchito kumadya timapointi totchedwa ma Connects, timene timagulidwa, ndiye musamangoponya paliponse. Inu gwirani maakauntiwo. Ongotayipa alipo ambirimbiri ndipo amapikisana potsitsa mtengo, pomwe munthu wodziwa mapulogalamu a maakaunti ngati Excel ndi QuickBooks amamusunga mwezi ndi mwezi. Ntchito yake siifunanso kuti muzikhala pa foni ndi bwana, mumangotumiza pa tsiku lomwe munagwirizana.

Dalaivala wa pa Mbeya:
Mayi, njira imeneyo ndimaidziwa. M'basi musawerengereko, netiweki imangobwera n'kupita, komanso simungalembe manambala a eni ake galimoto ikugwedezeka. Ntchito muitsitsiretu usiku musananyamuke. Mukawoloka gulani simu ya Vodacom kapena Halotel, adzafuna pasipoti. Chomwe chimagwetsa ambiri ndi kachinsinsi kolowera mu akaunti kamene kamabwera pa SMS: nambala yanu ya ku Malawi ikakana kugwira, mwatsekeredwa kunja. Ikani Google Authenticator, pulogalamu ya pa foni yopereka kachinsinsiko popanda SMS. Musaiwalenso kuti Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi.

Anaphiri ku Joni:
Ine langa ndi chenjezo, asisi. Aliyense wokulemberani pa WhatsApp kapena Telegram kuti muyambe mwalipira ya "kulembetsa" kapena ya "maphunziro", ameneyo ndi wakuba. Mng'ono wanga anatumiza ndalama ya lendi kwa anthu otere, m'mawa mwake gulu lonse linali litafufutidwa. Analira ngati pamaliro.

Nachisale wa ku Area 25:
Zikomo kwambiri nonse. Ulendo wa mwezi uno ndingopita kukaoda basi, akauntiyo nditsegula ndikabwerako. Achimwene a ku Zomba, mbiri yanu pa Upwork munailemba motani musanakhale ndi kasitomala ndi mmodzi yemwe? Pamenepo ndiye pandiimitsa mutu.