Kodi msonkho ungatibweretsere fakitale ya mafoni?

WaKuGulf: Abale, ndimakonza mafoni ku Gulf Complex, mu Harare, kuno ku Zimbabwe. Kasitomala wina akuti boma litakweza msonkho wa mafoni ochokera kunja, makampani akuluakulu angamange mafakitale ku Msasa, ana athu n'kupeza ntchito. Zoona zimenezi?

MaluwaHighfield: Achimwene, ku India zinathekadi. Mu 2018 anakweza msonkhowo kufika 20 peresenti, lero kampani ya Foxconn ikulumikiza ma iPhone ku Tamil Nadu. Komatu kumeneko anthu ndi oposa biliyoni. Kuno kalembera wa 2022 anapeza 15 miliyoni basi. Angamangire ndani?

MkuluWaMbare: Msonkho pawokha ayi. TSMC, kampani yopanga ma chip a m'mafoni ndi m'makompyuta, pomanga fakitale ku Arizona, boma la America linailonjeza madola 6.6 biliyoni. Nanga magetsi akuzimazima chonchi, ndani angaike makina ake ku Workington, dera la mafakitale la mu Harare? Mafoni angokwera mtengo, olira tikhala ife ogula.