Laputopu ya ma track: tigule kapena ndalamayi ipite ku sipika?

Wakiyibodi: Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ija ndinayamba pa practice ndati ndiibweretse muno poti ena simunabwere. Ndalama tinapeza ku ukwati ija ine ndikuti tigulire laputopu ya gulu, tiziikamo ma track, zinthu ngati malipenga, ma strings ndi ma backing a mawu aja tinajambula ku studio, kuti pa stage nyimbo izimveka yodzadza ngati mmene anthu amaimvera pa wailesi. Panopa ine manja awiri omwewa ndigwire piano, ndigwire brass, ndigwirenso pad, sizikutheka abale.

Mayi Msungichuma: Ndalama imeneyo tinagwirizana kuti ndi ya monitor inapsa ija, sipika yomwe oimba amadzimvera pa stage. Laputopu yatulukira kuti?

Wabesi: kkkkk mayi sanadikire ndi mphindi yomwe

Wamadiramu: Ine funso langa ndi limodzi. Tikatero si ndiye kuti tayamba kuimba pa CD ngati aja amangofika ndi fulashi nkupatsa DJ iwo nkumangoyendetsa milomo? Anthu amatiitana ife chifukwa ndife live band, akadzaona kompyuta pa stage adzati anyamatawa ayamba chinyengo

Wapamikisa: Ayi achimwene, zimenezo ndi zina. Pa CD nyimbo yonse imakhala momwemo, woimba amangokutira pamwamba. Zomwe akunena a kiyibodi inu mumenyabe ng'oma zanu, besi alipo, gitala alipo, oimba akuimba ndi pakamwa pawo, laputopu imangowonjezera zomwe tilibe anthu ake. Koma pali chinthu sanakuuzeni ndipo chikukhudza inuyo kuposa tonse. Track siidikira munthu. Ndiye woimba ng'oma amavala ma earphone nkumamva click, kaphokoso kongoti ko ko ko kosunga tempo, anthu kunja sakumva, inu nokha. Mukathamanga pang'ono malipenga abwera mochedwa, mukachedwa abwera inu musanafike, ndipo aliyense mu holo adziwa kuti pena pake palakwika.

Wamadiramu: Ine sindithamanga

Asisi a Soprano: Achimwene musatipangitse tiyankhule muno kkkk chorus yachiwiri timachita kupuma movutikira

Wamadiramu: Umenewo ndi mzimu sisi

Tcheya: Tiyeni tikambirane bwinobwino. Ine ndinaona ku BICC mnyamata wa sound akuyendayenda pakati pa anthu akusintha mawu pa kachipangizo kali m'manja, osakhala pa mikisa. Ngati laputopuyo ingatipangire zimenezo ine ndiligwirizana nalo ganizoli, chifukwa ife mikisa imakhala pambali pa stage ndipo wathuyu samva zomwe anthu akumva kumbuyo.

Wapamikisa: A Tcheya pamenepo ndiye pali vuto. Zimenezo zimatheka ndi mikisa ya digital, monga Behringer X32 kapena XR18, imalumikizana pa wifi ndiye umatsegula app pa tabuleti kapena pa laputopu nkumakweza maiki uli kumbuyo kwa holo. Yathuyi ndi ya analog, ma fader ake ndi a manja basi, ngakhale mutagula laputopu yodula bwanji singakweze maiki ndi imodzi yomwe. Ndiye tisasakanize. Ma track ndi nkhani ina, kuyendetsa sound ndi nkhani inanso ndipo imeneyo ikufuna mikisa yatsopano, ndalama yake sitinaifike nkomwe.

Tcheya: Ooh. Ndiye theka la chifukwa changa lagwa pamenepo.

Wakiyibodi: Koma la ma track lilipobe a Tcheya. Ndipo sindikunena yatsopano ya mu shopu, ma ex-UK ali mbwee ku Limbe ndi ku Area 2, ThinkPad kapena EliteBook ya core i5, RAM 8GB, bola ikhale ya SSD osati hard disk yakale ija yozungulira chifukwa besi ikamagunda pa stage chilichonse chimanjenjemera

Malume a ku Joni: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Kutchalitchi komwe ndimapemphera kuno amagwiritsa ntchito zimenezi sabata iliyonse ndipo zimakoma, sindinama. Koma mphwanga ukuwerengera laputopu yokha ngati kuti ukaigula basi mwamaliza. Pakufunika audio interface, kabokosi kotulutsa mawu mu laputopu kupita ku mikisa, ndipo osangoti iliyonse. Focusrite Scarlett 2i2 yomwe ambiri amathamangira ili ndi ma output awiri okha, ndiye imodzi click, inayo track yonse mu mono. Ukafuna kuti wa mikisa azitha kutsitsa malipenga payekha osakhudza ma backing ufunika ya ma output anayi, 4i4 kapena Behringer UMC404HD yomwe imatsikirako mtengo. Kenako DI box, kabokosi kena kokhala pakati pa interface ndi mikisa, chifukwa ukalumikiza chaja ya laputopu nthawi zambiri mu sipika mumabwera kulira kuja kwa hmmmm, ndipo kabatani ka ground lift pa DI ndi kamene kamachotsa. Kenako ma earphone a wa ng'oma ndi ka headphone amp kake, zingwe, stand. Pulogalamunso. MainStage ndi ya Mac yokha ndiye iwalani. Ableton Live Lite imabwera ulere ukagula Focusrite koma imalola ma track 8 basi. Reaper ndi madola 60. Zonsezi zimagulidwa ndi ndalama yakunja, ndipo chichokereni pomwe kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023 mukudziwa nokha mmene zinthu zoitanitsa zikuwawira.

Mayi Msungichuma: Zikomo malume. Nde mwamva? Mbuzi mwaiona mtengo koma chingwe, khola ndi mankhwala simunawerengere.

Wabesi: Pulogalamu ndiye musadandaule, pali mnyamata amaika za crack, zosalipira zija

Wapamikisa: Ayi ayi, za crack pa stage ine ndakana. Kunyumba ikaima umangoyambitsanso, koma pamaso pa anthu odzadza holo ikangouma pakati pa nyimbo onse amatembenukira kwa ine wa mikisa ngati ndalakwa ndine. Ndipo laputopu ya ma track imafuna ikhale ya ntchito imeneyo basi, wifi yothimitsa, ma update othimitsa, ma notification othimitsa, osati Lachisanu ili ndi wina akuonera mafilimu Loweruka wina akulembera assignment Lamulungu nkubwera nayo yodzadza ma virus a mu fulashi

Asisi a Soprano: Ine nkhawa yanga ndi ina. Ife timaimba maukwati kwambiri. Pa perekaniperekani MC akati akuchikazi bwerani, mzere umatalika mpaka panja, nyimbo ya mphindi zinayi timaikoka mpaka anthu athe kuponya. Kutchalitchinso abusa akakweza dzanja kuti bwerezani chorus timabwereza, nthawi zina amayamba kuyankhula pakati ife nkutsitsa. Nanga kompyuta idziwa bwanji kuti azakhali a mkwati sanavinebe?

Wakiyibodi: Limenelo ndiye funso labwino sisi ndipo mpomwe laputopu imaposera foni. Mu Ableton muli Session View, nyimbo umaidula zidutswa, verse payokha chorus payokha bridge payokha, ndiye chorus imangozungulira mpaka ine nditadina kuti tipite kwina, ndipo imadikira bar ithe isanasinthe ndiye sizidukiza. Ukhoza kuika ka pedal pansi nkumaponda ndi phazi manja ali pa kiyibodi

Wamadiramu: Ndiye kuti ine ndikhala mu ko ko ko mphindi 20 pa perekani? Mutu udzandipweteka aise

Wapamikisa: Pa perekani sitingaike track, pamenepo nkungomenya basi. Ma track ndi a nyimbo zathu za mu album, zitatu kapena zinayi pa show yonse. Nchifukwa chake ine ndikuona ngati tikufuna kugula chinthu chachikulu pa ntchito yochepa. Yesani kaye ndi foni. Pa studio atipangire file imodzi, click kumanzere track kumanja, tigule chingwe cha Y chija cha 3.5mm mbali imodzi ma jack awiri mbali inayo, kumanzere kupite kwa wa ng'oma kumanja kubwere kwa ine. Foni pa flight mode, apo ayi mayi anu akaimba holo yonse imva ringtone

Wabesi: Nanga kiyibodi yathu ya PSR ija si imatha kuliza ma file a nyimbo a WAV kuchokera pa fulashi? bwanji osangogwiritsa yomweyo

Wakiyibodi: Imatha inde koma track ndi piano yanga zimatulukira pa ma output omwewo, ndiye click ndiibisa kuti? Ipita kwa anthu

Tcheya: Nanga magetsi? Mukudziwa mmene zimakhalira, pakati pa nyimbo phethi.

Malume a ku Joni: Laputopu ili ndi batire ndiye yokha siithima, chimathima ndi mikisa ndi ma amp. Choseketsa nchakuti track imapitirira yokha chamumtima, jenereta ikamadzalira iyo ili ku bridge inu mukadali pa verse, ndiye pafunika munthu wodziwa kuimitsa msanga. Komanso ma ex-UK ambiri batire imakhala yotopa, pogula muichotse pa chaja muone ikhala nthawi yaitali bwanji, wogulitsa asakuuzeni ndi pakamwa. Ndipo show za panja mu October dzuwa lija ndi fumbi laputopu imatentha nkuyamba kudukiza mawu, imafuna pamthunzi

Asisi a Soprano: Koma monitor ija abale tisaiiwale. Ine ku ukwati kuja sindimadzimva ndi pang'ono pomwe, ndimangoona milomo ya alto nkumatsatira. Mukawonjezera malipenga a mu kompyuta ife osamva chilichonse si ndiye tisochereratu?

Wapamikisa: Eya, popanda monitor track oimba saimva, ndipo ma backing ojambula akasemphana ndi mawu a live zimamveka moipa kuposa kukhala opanda track

Wakiyibodi: Chabwino ndamva. Koma ine sindinagonje, chaka chino chisanathe nkhaniyi ndiibweretsanso. Panopa mng'ono wanga ali ndi laputopu ya kusukulu, ndiibwereka Loweruka tiyesere nyimbo imodzi yokha, Reaper amalola kuyesa ulere masiku 60

Mayi Msungichuma: Kubwereka ndiye ndavomera ndi manja awiri. Chingwe cha Y ndi ma earphone ndipereka ndalama koma mubweretse risiti. Yotsalayo mawa ndikukapereka kwa wokonza monitor.

Tcheya: Zikhale choncho. Loweruka 2 koloko, ndipo a ng'oma mufike msanga muyambe mwazolowerana ndi click anzanu asanabwere.

Wamadiramu: Ma earphone ake akhale otseka khutu bwinobwino, osati timene amagulitsa mu minibasi tija. Ndipo tiyambe ndi nyimbo yoleza ija, yothamanga ayi

Wabesi: nde wavomera kuti umathamanga kkkkk