Tayala lakutsogolo likunjenjemera ndikafika liwiro la 80, ndalakwitsa pati?

Moni nonse a m'gulu lino. Ndakakamira pa njinga yanga yamoto ya Honda CB500F, chonde ndithandizeni.

Ndaika ndekha kunyumba tayala latsopano lakutsogolo, la 120/70-17 lopanda chubu. Ndinapaka madzi a sopo m'mphepete, ndinapopa mpaka mbali zonse ziwiri zinalira kuti phwa, ndipo muvi wa pa tayala ukuloza komwe limazungulira. Koma ndikafika makilomita 80 pa ola, chiwongolero chimanjenjemera mpaka manja kuchita dzanzi.

Kadontho ka pa tayala, kosonyeza mbali yake yopepuka, ndinakayang'anitsa ndi valavu. Ndinakoleka gudumu pa ekiselo pakati pa mipando iwiri, kulisiya lizungulire lokha mpaka mbali yolemera itsike pansi, kenako n'kumata tizitsulo pamwamba pake. Ndafika magalamu 55 koma likutsikirabe mbali yomweyo. Mabelingi ndawagwedeza, ali bwinobwino. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti kamzere ka pa tayala kozungulira m'mphepete mwa limu kakuoneka ngati kalowa m'kati pang'ono mbali imodzi.

Kodi ndiphwetse tayala n'kulizunguliza pa limu, kapena vuto ndi limu lenilenilo? Nanga magalamu angati ndiye malire musanayambirenso?