Makala akufooka nkhuku isanapse, kodi ndikulakwitsa pati?

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene munazolowera kuotcha nyama panja. Loweruka lapitali ndinachita manyazi pamaso pa alendo, chifukwa ntchafu za nkhuku zinada bii kunja pomwe pafupi ndi fupa pankatulukabe madzi ofiira.

Ndinaunjika makala, ndinathirako palafini pang'ono n'kuyatsa, koma ndinangodikira mphindi 10 chifukwa maso a anthu onse anali ali pamoto. Apa ndikuvomera kuti ndinapupuluma, popeza makala amafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti akutidwe ndi phulusa lotuwa, ndipo n'zosadabwitsa kuti nyama yoyamba inkanunkha palafini. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi zomwe zinatsatira. Mafuta a nkhuku atayamba kudonthera pamakala, moto unalilima, ine n'kuwazapo madzi, phulusa n'kuulukira panyama. Patatha mphindi 40 zokha, ndinkatha kuika dzanja pamwamba pa waya kwa nthawi ndithu osamva kuotcha. Nditawonjezera makala ena, panabuka chiutsi ndipo kutentha kunatsikiratu.

Kodi makala owonjezera mumawayatsira padera, n'kuwathira atasanduka kale moto, kapena mumawaika pang'onopang'ono m'mphepete kuti agwire okha? Mnzanga wina akuti ndiziunjika makala mbali imodzi n'kusiya mbali inayo yopanda kanthu, kuti nyama ikapsa khungu ndiziisunthira kumeneko ikapse mpaka m'kati. Nzeruyi ndikuiona kuti ndi yabwino, koma chootchera changa chilibe chivundikiro, ndiye ndikukayika ngati kutentha kungasungike.

Ndikufunanso kumva kwa amene munayesapo makala oumba aja, opangidwa ndi fumbi la makala lomatidwa ndi sitachi. Amayaka nthawi yaitali ndiponso mofanana, koma phulusa lake limachuluka, ndipo ndikuopa kuti lingatseke timabowo tolowera mpweya tapansi. Amene ndinagwiritsa ntchito anali a mitengo, opepuka m'manja ndi ofumbutuka msanga, komanso thumba lake linakhalitsa pasimenti pomwe pamachita chinyezi. Kodi kuwayanika padzuwa tsiku limodzi kungakwanire?

Nkhuku imayenera kufika madigiri 74 m'kati mwake, koma ine chipangizo choyezera ndilibe, choncho amene muli ndi njira ina yodalirika yodziwira kuti yapsa mundithandize, chifukwa alendo omwewo abweranso kumapeto kwa mwezi uno.